BILLY BRAY: MUNTHU WA KU MIGODI AMENE SANALEKA KUTAMANDA

Pa tsiku la 25 May, caka ca 1868, ku Cornwall, ku malekezero a kumadzulo a dziko la England, kunamwalira nkhalamba ina yaifupi ndi yoonda, imene inagwira nchito ya m'migodi zaka zambiri za moyo wace. Sinasiya cuma, sinali mbusa wodzozedwa, ndipo maphunziro ace anali ocepa. Dzina lace linali William Trewartha Bray, koma anthu onse, akulu ndi ana omwe, anamdziwa ndi dzina lakuti Billy Bray. Eni migodi amene iye anawagwirira nchito anaiwalika kale, koma mbiri ya wanchito waoyo ikuwerengedwabe. Cimene amkumbukira naco ndi ici: mau otamanda Mulungu, amene ambiri a ife timawapinda Sabata likatha monga tipinda malaya a ku calici ndi kuwabwezera m'bokosi, iye anayenda nao ku nchito, ku munda, pa njira, pa cakudya, kufikira pa mphasa ya imfa.

Billy anabadwa pa 1 June, 1794, m'mudzi wa Twelveheads, pafupi ndi mzinda wa Truro. Dziko lakwaolo ndi la miyala ndi mphepo ya ku nyanja, ndipo cuma cace cinali pansi pa nthaka: mkuwa, ndi citsulo coyera cochedwa tini, cimene amakutira naco zitini. Abale amene anagwirako nchito ku Kitwe kapena ku Luanshya adziwa mdima wa mumgodi. Komatu masiku a Billy kunalibe magetsi, ndipo m'migodi yambiri munalibenso cikepe cotsitsa anthu. Amuna anali kutsika ndi kukwera pa makwerero, kandulo atamata ndi dongo pa cipewa. Atatha nchito, otopa ndi onyowa, anayenera kukweranso makwererowo mpaka kunja. Ambiri anafa asanakalambe, ena ndi matanthwe akugwa, ena ndi nthenda ya m'cifuwa yodza ndi pfumbi. Cakudza siciyimba ng'oma: munthu potsika m'mamawa sanadziwa ngati adzaonanso dzuwa.

Uthenga Wabwino unafika pakati pa anthu a m'migodiwa ndi mphamvu m'masiku a John Wesley, amene anayamba kuyendera Cornwall mu 1743, nalalikira kawirikawiri kwa makamu akuru pa dzenje lalikuru la ku Gwennap, losatalikira kwao kwa Billy. Wesley anamwalira mu 1791, Billy asanabadwe. Atate ace a Billy anafa iye akali mwana, ndipo analeredwa ndi agogo ace aamuna, munthu woopa Mulungu wa Mpingo wa Methodist. Cotero mnyamatayo anakula akumva mapemphero ndi nyimbo m'nyumba. Koma atafika zaka 17 anapita ku nchito ku Devon, nakhala kumeneko zaka 7 kutali ndi maso a agogo ace, ndipo anabwerako cidakwa.

Tisamcepsere zoipa zace za nthawi imeneyo, pakuti iye mwini sanazibisa. Anali ndi lilime lakuthwa ndi lofulumira, ndipo analigwiritsa nchito kusekeretsa anzace a pa mowa ndi mabodza ndi nthabwala zonyansa. Pa kutukwana analibe mnzace. Anzace a ku mgodi ankati matemberero ace ayenera kucokera ku Gehena kwenikweni, cifukwa ananunkha sulfure. Mu 1821 anakwatira Joanna, mkazi amene kale anali Mkristu koma anabwerera m'mbuyo. Usiku wambiri Joanna anali kupita kukamtenga mwamuna wace ku nyumba ya mowa, ndalama za cakudya ca ana zitathera komweko.

Mu 1823 tsindwi la pamalo amene anali kukumba linagwa iye atangocokapo. Anadziwa kuti akanacedwa pang'ono akanafa m'zoipa zace. Nthawi yomweyo linamfika m'manja buku lina lonena za masomphenya a Kumwamba ndi a Gehena, limene anthu a masiku aja analiyesa la John Bunyan, mlembi wa Ulendo wa Mkristu. M'bukumo anawerenga za anthu awiri otayika amene anali kutembererana cifukwa ca kusokeretsana ali ndi moyo; ndipo anaganiza za bwenzi lace la pa mowa, namva mantha akuru. Anafunsa mkazi wace za moyo umene anali nao kale, ndipo Joanna anamuuza kuti cimwemwe ca iwo otumikira Ambuye sicisimbika. Billy anacita manyazi kugwada pamaso pa mkazi wace; koma usiku wina, pa ora lacitatu la m'mamawa, anauka nagwada pambali pa kama. Masiku angapo anakhala wolemedwa, akupemphera ku mgodi ndi kunyumba. Tsono tsiku lina la mwezi wa November, 1823, atabwera ku nchito, analowa m'cipinda osayamba wadya, nadzipereka kwa Ambuye, nakhulupirira kuti wakhululukidwa. Anapfuula ndi cimwemwe. Pambuyo pace anali kusimba kuti tsiku limenelo zonse zinaoneka zatsopano m'maso mwace, anthu, minda, ng'ombe ndi mitengo yomwe. Sipanapita nthawi, Joanna nayenso anabwerera kwa Ambuye.

Kutembenuka mtima kotere sikucititsa cidwi kwambiri, pakuti taona zidakwa zambiri zikuleka mowa. Cimene tifuna kuti owerenga aciyang'anitse ndi cimene cinacitika ndi pakamwa pace. Ambiri akatembenuka amangoleka kutukwana, nakhala cete ndi nkhope yagwa, monga ngati Cikristu ndi maliro osatha. Billy sanatero. Lilime lija lofulumira, nthabwala zija, liu lija lalikuru, zonse anazitenga nalowa nazo mu nchito ya Mbuye watsopano. Pamene kale panaturuka temberero, thanthwe likamgwera pa cala kapena kandulo ikazima, tsopano panaturuka mau akuti Ulemerero, kapena Aleluya. Anzace amene anazolowera kuseka mabodza ace anadikira kuti abwerere ku zakale pa tsiku la malipiro. Tsiku la malipiro linafika ndi kupita, ndipo sanabwerera. Analekanso fodya, wa m'kaliwo ndi wotafuna yemwe.

Asanatsike mumgodi anali kupemphera pamaso pa anzace, ndipo pemphero lace linali lakuti ngati wina mwa iwo ayenera kufa tsiku limenelo, akhale iyeyo, popeza iye ali wokonzeka koma anzacewo sanakonzeke. Atauka pa maondo ace anali kuona misozi pa nkhope za amuna ouma mtima, ndipo ena a iwo anasanduka anthu opemphera. Pano tiona kuti kukondwa kwace sikunali kwa munthu wosadziwa zoopsa. Imfa inali pafupi naye tsiku ndi tsiku monga inali pafupi ndi onse a mumgodimo, ndipo anaichula poyera.

Billy analowa Mpingo wa Bible Christians, nthambi ya Methodist imene William O'Bryan anaiyamba mu 1815 pakati pa alimi ndi anchito osauka a ku Devon ndi Cornwall. Patapita ngati caka cimodzi anamuika akhale mlaliki wosalipidwa, wogwira nchito yace pakati pa mlungu ndi kuyenda mitunda yambiri pansi pa Sabata kukalalikira m'midzi. Maulaliki ace anali a cinenero ca kwao, ca anthu wamba, odzala ndi mafanizo a ku mgodi ndi a ku munda. Pakati pa ulaliki anali kuyamba nyimbo, kapena kulumpha ndi kubvina. Anthu anali kudzaza nyumba kudzamumva, ena kudzaseka. Ndipo mwa odzaseka ambiri anabwerera kwao akulira.

Koma mbiri yace yeniyeni iri kunja kwa calici, m'mayankhulidwe a masiku onse. Pochula Mulungu ankangoti Atate, monga mwana achula atate ace a m'nyumba, ndipo pokamba za mawa, za cakudya, za nyumba kapena za ulendo, anali kunena za cimene Atate afuna ndi cimene Atate adzapereka. Iye mwini anadzicha mwana wa Mfumu, ngakhale malaya ace anali a zigamba. Poyenda pa mseu ankati phazi lace limodzi likamakwera limanena Ulemerero, linzace nkuyankha Amen, ndipo kotero mapazi akewo amayankhizana ulendo wonse. Pamene ena anamuopseza kuti amtsekera mumgolo kuti aleke phokoso, anayankha kuti akatero adzapfuulira Ulemerero pa ciboo ca mgolowo. Pokomana ndi munthu pa njira sanacedwa kumfunsa za moyo wace wauzimu, ndipo akamva kuti wina watembenuka mtima, anali kumgwira, kumnyamula ndi kuzungulira naye.

Izi zinamcitikira ngakhale mbusa wa Calici ca England. William Haslam, mbusa wa ku Baldhu, anatembenuka mtima mu 1851 ali pakati pa ulaliki wace womwe, ndipo mbiriyo inawanda m'dziko lonselo. Billy anali atapempherera anthu a pa phiri la Baldhu zaka zambiri. Atamva, anafika m'mamawa pa khomo la mbusayo, nafunsa ngati mbusa, mkazi wace ndi anchito a m'nyumba onse ali otembenuka. Atamva kuti inde, anamnyamula mbusa wophunzirayo nathamanga naye kuzungulira gome. Haslam mwini analemba za tsikulo m'buku la moyo wace, ndipo analemba mokondwa.

Nkhani imene alimi adzaikonda ndi ya mbatata. Caka cina mbatata zace za kacewere sizinabereka bwino. Pamene anali kukumba, naona tating'onoting'ono tokhatokha, Satana anamnong'oneza kuti Atate ace samkonda, pakuti akadamkonda sakadampatsa mbatata zonyozeka cotere. Billy anaimika khasu namyankha woyesayo monga munthu ayankha mnansi wabodza amene amdziwa bwino. Anamkumbutsa kuti pa nthawi imene anali kumgwirira iye nchito analibe mbatata ngakhale imodzi, koma nsanza ndi njala basi. Ndipo anayamba kuwerenga zokoma zonse zimene Atate anamcitira kuyambira tsiku la kutembenuka kwace, mpaka woyesayo anathawa. Taonani kuti sananena kuti mbatatazo nzazikuru. Zinali zazing'ono ndithu, ndipo banja linayenera kudya zomwezo. Ife tikakolola zocepa timadziwa kuwerenga matumba amene tinayembekeza koma sitinapeza, ndipo tiwawerengera ali yense wotipatsa moni. Billy anawerenga kuyambira pa dzanja lopanda kanthu limene anali nalo kale.

Tsiku lina Mkristu wina wa mpingo wa Quaker anampatsa zobvala, nakayika ngati zidzamkwana. Billy anamuuza kuti ngati ndi Ambuye anamtuma kuzipereka, zidzakwana ndithu, cifukwa Ambuye adziwa msinkhu wace bwino lomwe. Mayankho otere anali kuseketsa anthu, ndipo iye anafuna kuti aseke. Koma munthu atatha kuseka anali kupeza kuti watsala ndi kanthu kolingalira.

Si onse anakondwera naye. Akunja anamucha wamisala, ndipo Akristu ena aulemu anadandaula kuti phokoso lace licepsa ulemu wa nyumba ya Mulungu. Iye anali kuwayankha kuti sali wamisala koma wokondwa, ndi kuti Davide mfumu anabvina pamaso pa likasa, ndiponso wopunduka uja wa pa khomo la Kacisi, atacira, analowa akulumpha. Ife sitinena kuti odandaulawo analakwa pa zonse. Mulungu sanalenga anthu onse ndi mtima umodzi. Alipo amene cimwemwe cao ciri cacete monga madzi a pa dziwe lakuya, ndipo iwo sacepa pamaso pace. Ndiponso tidziwa kuti mau oyera angathe kusanduka cizolowezi cabe. Alipo anthu amene amati Aleluya pa mau atatu ali onse, monga mbuzi ilira, osaganiza kanthu. Alipo amene amachula dzina la Mulungu pogulitsa cimanga ca anankafumbwe. Kumeneko ndiko kuchula dzina lace pacabe, kumene lamulo lacitatu liletsa, ngakhale kumveke kokoma m'makutu. Cimene cinatseka pakamwa pa otsutsa Billy ndi cakuti manja ace anabvomerezana ndi mau ace.

Iye ndi Joanna anabala ana 7, ndipo pamwamba pa amenewa analera ana amasiye awiri, pa malipiro a munthu wa mumgodi. Anali kuyendera odwala ndi okalamba. Anamanganso nyumba zitatu za mapemphero. Yoyamba, yochedwa Bethel, anaimanga pafupi ndi kwao, pa kamalo kamene amai ace anapereka. Yaciwiri ku Kerley Downs. Yacitatu, yaikuru koposa, ku Carharrack, imene anaicha Great Deliverance, ndiko kunena Cipulumutso Cacikuru. Sanali ndi thumba la ndalama la mishoni. Akaturuka mumgodi anali kupita kukaswa miyala ndi kumanga, ndipo ngati nchito ya mgodi inali ya usiku, usana unali wa kumanga. Zotsala anali kupempha khomo ndi khomo, kwa olemera ndi osauka, ndipo panali abale ena a mumpingo womwewo amene anamtsutsa ndi kukana kumthandiza.

Nyumba ya ku Kerley Downs inali ndi mazenera atatu, ndipo anthu anaicha Maso Atatu. Itatha kumangidwa inalibe gome lolalikirapo. Billy anaona kabati yakale ya ngondya zitatu pa malonda opikisana mitengo, naganiza kuti ikadulidwa bwino ingakhale gome. Munthu wina anampatsa masheleni 6. Koma pa malondapo wina anachula 7, naitenga. Billy anatsata kabatiyo pambuyo kuti aone kumene ipita, pakuti anakhulupirira kuti Atate anampatsa kale. Wogulayo atafika nayo kwace, inakanika kulowa pa khomo, ndipo mwaukali anati aiwaza nkhuni. Pomwepo Billy anaturukira namlonjeza masheleni 6 ngati aipereka ku calici. Munthuyo anabvomera mokondwa. Billy anamasulira nkhaniyo m'njira yace: Atate anadziwa kuti iye sakadatha kusenza kabatiyo yekha, cotero anapeza munthu woinyamula.

Sitingalembe za Billy moona tikaiwala Joanna. Kukhala mkazi wa munthu wopatsa cotere sikunali kopepuka. Nthawi zina mwamuna wace anali kufika kunyumba malipiro atagawira ena pa njira, ndipo amene anayenera kupeza cophika anali Joanna. Tsiku lina mwana wao anadwala kwambiri, ndipo Joanna anamtuma kwa dokotala ndi ndalama zonse za m'nyumba, mapeni 18, ndiwo sheleni imodzi ndi theka. Pa njira Billy anakomana ndi munthu wosauka amene ng'ombe yace inafa, nampatsa ndalamazo. Ndipo popeza analibenso copita naco kwa dokotala, anapatukira kuseri kwa mpanda napemphera, nabwerera kunyumba kukauza mkazi wace kuti mwana adzakhala ndi moyo. Mwanayo anacira. Tayamika Mulungu cifukwa ca cifundo cimeneco. Koma tinene poyera kuti pa ici sitimuika Billy akhale citsanzo. Mwana akadwala, pempherani ndipo mupite naye ku cipatala. Pa matamando onse amene anamveka m'nyumba ija, gawo lina linalipiridwa ndi kupirira kwa mai amene sanakwera pa gome ndi kale lonse.

Joanna anatsogola kumwalira. Anansi amene anadza kudzakhuza maliro anapeza Billy akutamanda Mulungu mokweza, akunena kuti mkazi wace wokondedwa wakwera kukakhala pamodzi ndi owala a Kumwamba. Kwa ife, amene mwambo wathu wa maliro uli wa kulira pamodzi, ici cimveka cacilendo, ndipo cinali cacilendo kwa anthu a kwao omwe. Koma amene anamdziwa sanaganiza kuti sanamkonda mkazi wace. Zaka zambiri anali akunena za Kumwamba monga munthu anena za mudzi wa kutsidya kwa mtsinje kumene kuli abale ace, ndipo tsiku la maliro sanasintha kanenedwe.

Pa kudwala kwace kotsiriza anapempha dokotala kuti amuuze zoona. Dokotala anamuuza kuti adzafa. Billy anapfuula ndi cimwemwe, ndipo pomwepo anatembenukira dokotalayo namfunsa ngati akafika Kumwamba akapereke moni wace ndi kuwauza kuti nayenso akubwera. Dokotalayo anakhudzidwa mtima kwambiri. Wina anamfunsa ngati saopa imfa kapena kutayika. Anayankha kuti Mpulumutsi wace anagonjetsa imfa. Ndipo anaonjeza, ndi nthabwala yace ya masiku onse, kuti ngakhale atapezeka ku Gehena adzatamanda Yesu komweko mpaka Satana atatopa naye ndi kumturutsa, popeza kumeneko si malo a anthu otamanda. Amene anali pambali pace anasimba kuti mau ace otsiriza anali aja omwe anakhala pakamwa pace kuyambira 1823, akuti Ulemerero. Anamwalira atatsala mlungu umodzi kuti akwanitse zaka 74.

Anamuika m'manda a pa calici ca Baldhu, pa phiri lomwe analipempherera, ndipo pa manda ace anaimikapo mwala wautali. Mu 1871 F. W. Bourne, mbusa wa Bible Christians, anasindikiza mbiri ya moyo wace m'buku lochedwa The King's Son, ndiko kuti Mwana wa Mfumu, potsata zimene Billy mwini analemba ndi zimene anthu anakumbukira. Bukulo linasindikizidwa kambirimbiri. Mpingo wa Bible Christians unaphatikana ndi mipingo ina ya Methodist mu 1907 ndiponso mu 1932, ndipo a Methodist a kuno kwathu analowa mu United Church of Zambia mu 1965. Cotero ena mwa owerenga athu angamuyese mbale wa pa banja lao.

Migodi imene Billy anagwiramo nchito inatsekedwa kale, ndipo pa mapiri a Cornwall patsala zipupa ndi macumuni a nyumba za makina. Mwa nyumba zitatu za mapemphero zimene anamanga, ziwiri kulibenso. Ya Maso Atatu ku Kerley Downs ikalipo, ndipo mu 1984 anaipatula ikhale cikumbutso cace.